Kusandutsa Galimoto Kukhala Nyumba

Kamba ndi nkhono ndiwo tinkawadziwa kuti amayenda ndi nyumba zawo kumsana, koma masiku ano ku United States of America kuli anthu ambiri ndithu amene alowa nawo m'gulu limeneli. Anthu amenewa alibe nyumba yawoyawo, ngakhale ya lendi. Amagona, amadya ndi kusunga katundu wawo yense m'galimoto chaka chathunthu. Ena ali ndi magalimoto aakulu opangidwira ntchito yomweyo kufakitale, ena ali ndi mavani, koma amene ndifuna kuti tiwaone m'nkhani ino ndi aja okhala m'galimoto ya mtundu wa SUV. Iwowa ali ndi malo ochepa kwambiri, ndipo kuchepako ndiko kumaonetsa bwino nzeru zimene zimafunika pa ntchito yotere.

Zilembo zitatuzi zimaimira mawu a Chingerezi akuti sport utility vehicle. Ndi galimoto yokwera msinkhu, yosakhula pansi m'misewu yokumbika, imene mipando ndi malo a katundu zili m'chipinda chimodzi, ndi chitseko chachikulu kumbuyo. Land Cruiser, Prado, RAV4, CR-V ndi X-Trail zimene timaziona m'misewu yathu zonse ndi za mtundu umenewu. Ku America kuli ina yaikulu kwambiri yotchedwa Chevrolet Suburban, imene dzina lake lakhala pamsika kuyambira 1935.

Kugona m'galimoto si kwachilendo ayi. M'chaka cha 1919 anthu okonda kuyenda ndi kugona panjira anayambitsa bungwe lawo lotchedwa Tin Can Tourists mumzinda wa Tampa ku Florida. M'zaka za m'ma 1960 kampani ya Martin Walter ya ku Folkestone ku England inkatenga Land Rover nkuiikira denga lotukuka, mabedi ndi chitofu, nkuitcha Dormobile. Komatu zonsezi zinali za patchuthi. Munthu ankapirira kupanikizana kwa milungu iwiri podziwa kuti bedi lake likumudikira kwawo. Amene tikuwanena ife alibe kwina kobwerera.

Nanga chimawachititsa nchiyani? Ena amakonda ufulu woyendayenda, koma ambiri chimawakankha ndi mtengo wa lendi. Mmodzi wodziwika bwino pakati pawo ndi Bob Wells, amene m'chaka cha 1995, ukwati wake utatha mumzinda wa Anchorage ku Alaska, anaona kuti malipiro ake sangakwanire nyumba ziwiri, nagula vani yakale nkuyamba kukhalamo. Mu 2005 anayamba kulemba pa intaneti malangizo othandiza ena ofuna kuchita chimodzimodzi. Chuma cha America chitagwa mu 2008, anthu ochuluka analandidwa nyumba polephera kubweza ngongole, ndipo gulu la ogona m'magalimoto linakula. Mtolankhani Jessica Bruder analemba za moyo wawo m'buku la Nomadland mu 2017, ndipo filimu yochokera m'bukuli, m'mene Bob Wells anaonekeramo monga mwini wake, inapata mphotho ya Oscar mu 2021. Munthu wotere kawirikawiri amasankha SUV pa chifukwa chapafupi: ndiyo galimoto imene ali nayo kale. Ndiponso imamwa petulo pang'ono poyerekeza ndi vani yaikulu, imafika m'misewu ya fumbi, ndipo ikaima mumzinda palibe amene amaiyang'ana kawiri.

Tsono tiyeni tilowe m'galimotomo. Chida choyamba si sowo kapena hamala, koma tepi yoyezera. Munthu amapinda kapena kuchotsa mipando ya kumbuyo, nasunthira ya kutsogolo patsogolo penipeni, ndipo amayeza utali, mulifupi ndi msinkhu. Mu SUV ya pakatikati utali umakhala pafupifupi masentimita 180, wokwanira munthu wa msinkhu wabwino kugona atatambasula miyendo. Pakati pa timapiri tiwiri tophimba matayala a kumbuyo pamakhala mita imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Zimenezi zilibe mlandu. Mlandu uli pa msinkhu, pakuti kuchokera pansi kufika kudenga pali masentimita 80 kapena 90 basi, pamene munthu wamkulu akakhala tsonga amafuna pafupifupi masentimita 90.

Apa ndipo pagona mkangano waukulu wa ntchito yonseyi. Munthu amafuna kukweza bedi kuti kunsi kwake kukhale mosungira katundu. Koma tiyerekeze kuti msinkhu wonse ndi masentimita 85. Akakweza bedi ndi masentimita 25, naikapo matiresi a masentimita 10, pamtsalira masentimita 50 okha. Amene munagonapo pa bedi lam'mwamba kuchigonero, mphuno itatsala pang'ono kugunda siling'i, mukudziwa m'mene zimakhalira. Usiku umodzi munthu amaseka, koma bwanji mvula ikagwa masiku atatu osakata, iye osatha ngakhale kukhala tsonga kuti avale malaya? Chifukwa cha ichi ambiri amene akhalitsa m'magalimoto amamanga bedi lopapatiza, la masentimita 60 kapena 70, mbali imodzi yokha ndiponso lotsika, ndipo mbali inayo amaikako kabati. Ena amachotseratu mpando umodzi wa kumbuyo kuti akakhala pa bedi miyendo izilendewera m'dzenje lopondamo apaulendo, ngati munthu wokhala pa mpando. Ine ndiona kuti njira imeneyi ndiyo yanzeru, ngakhale siikongola pa chithunzi monga bedi lalikulu lodzaza galimoto yonse.

Ukalipentala wake ndi wapafupi, woti mnyamata aliyense wodziwa kugwira sowo angauthe. Amagwiritsa ntchito plywood ya mamilimita 12 kapena 18 ndi timitanda ta paini tochirikiza kunsi. Pansi pa galimoto sipakhala posalala, ndipo makoma ake ndi okhotakhota, choncho mmisiri amayamba wadula katoni kutsata makhotawo, nkuigoneka pa thabwa ndi kulemberera. Thabwa la pamwamba amaligawa pawiri kapena patatu ndi kulilumikiza ndi mahinjesi kuti lizitukuka pofuna kutenga za kunsi, makamaka tayala la sipeya, limene m'magalimoto ambiri limakhala pansi pa malo a katundu. Kumbuyo amaikako dirowa yaitali yotuluka kunja akatsegula chitseko, ndipo imeneyi ndiyo khitchini: chitofu, mapoto awiri, mbale, mchere. Alipo enanso amene sadula thabwa ndi limodzi lomwe. Iwo amayala matiresi pansi, nalongedza katundu m'mabokosi a pulasitiki, ndi kukhala choncho miyezi ingapo kufikira atadziwa chimene akuchisowa.

Pali zinthu ziwiri zimene mmisiri wa matabwa a m'nyumba sangaziganize, koma m'galimoto ndi za moyo ndi imfa. Choyamba, saboola pansi chiboolereni, chifukwa kunsiko kuli thanki ya petulo, mapaipi a mabuleki ndi mawaya. Sakhomanso kanthu m'mbali mwa denga pamwamba pa mazenera, pakuti mmenemo mumabisala matumba a mpweya amene amafufuma pangozi kuteteza mitu ya anthu. Chachiwiri, chilichonse cholemera chiyenera kumangidwa kuchitsulo cha galimoto. Tinaphunzira m'kalasi kuti chinthu choyenda chimapitirira kuyenda kufikira china chitachiimitsa. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikagunda mtengo imaima, koma batire losamanga limapitirira pa liwiro lomwelo, ndipo chimene chili patsogolo pake ndi nkhongo ya dalaivala. Mabowo a mabauti amene ankagwira mipando yochotsedwa ija ndiwo malo abwino omangirirapo, chifukwa anapangidwa kuti apirire ngozi.

Kenaka pali kulemera. Pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala pamakhala kapepala konena katundu amene galimotoyo ingasenze, kuwerengera ndi anthu omwe. Kwa SUV ya pakatikati amakhala makilogalamu 500 kapena pafupi ndi pamenepo. Achuluka eti? Tiyeni tiwerenge mongoyerekeza. Mwini wake 75, matabwa 60, madzi malita 40 ndiwo makilogalamu 40, batire la mtovu 30, firiji ndi chakudya 35, matiresi ndi zofunda 15, zovala ndi ziwiya 40, zida zokonzera galimoto 25, sola ndi zitsulo zoigwira padenga 30. Zonse pamodzi 350. Pakakwera munthu wachiwiri ndi katundu wake ndi madzi ake, malire aja afika. Galimoto yolemedwa tsiku ndi tsiku imatha matayala msanga, masipuling'i amafooka, ndipo mabuleki amatentha potsika mapiri. Denga nalo lili ndi malire ake, amene pa magalimoto ambiri sapitirira kwenikweni makilogalamu 75 poyenda, ndipo katundu wa pamwamba amaonjezera ngozi yakugudubuzika pokhota, popeza SUV ndi yaitali kale. Zolemera zonse malo ake ndi pansi, pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo.

Tafika tsopano pa nkhani imene ndiyesa kuti ndiyo yaikulu kuposa zonse, nkhani ya mpweya. Munthu wogona amatulutsa madzi popuma ndi m'thukuta, okwana kapu kapena kuposerapo usiku umodzi. M'nyumba madzi amenewa amamwazika osaoneka, koma m'kachipinda ka chitsulo ndi magalasi amakafika pa galasi lozizira nkusanduka mame, monga zichitikira kunsi kwa chivundikiro cha poto. M'mawa mazenera onse amakhala akuchucha. Choipa kwambiri chimachitika kosaoneka, kunsi kwa matiresi, kumene chinyezi chimakumana ndi thabwa lozizira, ndipo pakapita milungu yowerengeka pamamera nkhungu yakuda yodwalitsa chifuwa. Mankhwala ake ndi kuboola mabowo ambiri pa thabwa la bedi, kuyanika matiresi padzuwa kawirikawiri, ndi kusiya mazenera awiri oyang'anana otsegula pang'ono usiku wonse, ngakhale kuzizire chotani. Pamwamba pa mazenerawo amamatapo timakhonde ta pulasitiki kuti mvula isalowe ndiponso kuti wodutsa asaone kuti ndi otsegula. Neti ya udzudzu amaigwiritsa ndi timaginito kuchitsulo cha chitseko, ndipo kafani kakang'ono kamakankha mpweya kutuluka.

Chitofu cha gasi chimaonjezera vutoli, pakuti kilogalamu imodzi ya gasi wa propane ikapsa imabala madzi opitirira kilogalamu imodzi ndi theka. Koma chinyezi nchaching'ono poyerekeza ndi mdani wina amene moto umabala m'malo otsekeka. Ameneyu ndi mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu, wosatsamwitsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira ku magazi mwamphamvu yoposa ya okosijeni nthawi zopitirira 200, kotero kuti magazi amayenda m'thupi osanyamula chimene thupi likufuna. Munthu amamva mutu, chizungulire ndi kufooka, ndipo wogona sadzuka nkomwe. Ife kuno sitifunika kuuzidwa zambiri, pakuti mpweya womwewu ndiwo umapha anthu amene amagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka m'miyezi ya June ndi July. Ndiye ganizirani m'galimoto, mmene mpweya wake wonse sukwana ngakhale wa m'kabafa.

Motero lamulo la anthu odziwa ndi lakuti kuphika kumachitikira panja, kuchitseko cha kumbuyo, ndipo palibe moto umene umagona woyaka. Injini nayo imatulutsa mpweya womwewo, ndipo kugona injini ikulira kuti m'kati mufunde kwaphetsa anthu, makamaka pamene chipale chofewa chatseka ekizozi kapena paipi yake yabooka kunsi. Kachipangizo kolira kakamva carbon monoxide ndi kotsika mtengo, kamayendera timabatire ta tochi, ndipo ndiko koyenera kugulidwa thabwa loyamba lisanadulidwe. Alipo ena amene ali ndi magalimoto a hybrid, oyendera petulo ndi magetsi pamodzi, monga RAV4 ya mtundu umenewo. Iwo amasiya makina oziziritsa kapena otenthetsa akugwira ntchito usiku wonse ndi mphamvu ya batire lalikulu, injini nkumadzilizira yokha mphindi zochepa batirelo likatsika. Nzabwino ndithu, ndipo petulo wake sachuluka, koma injini yolira ndi injini yolira basi, kachipangizo kaja kamafunikabe.

Nanga kuzizira ndi kutentha amachita nako bwanji? Kunena zoona SUV siitheka kuikutira bwino, chifukwa mbali yaikulu ya makoma ake ndi magalasi. Chimene amachita ndi kudula zotchinga zonyezimira zolingana ndi zenera lililonse, mbali imodzi yonyezimira yobweza dzuwa, mbali ina yokutidwa ndi nsalu yakuda kuti usiku galimoto izioneka ngati ya magalasi akuda chabe. Pa chisanu amafunditsa thupi m'malo mofunditsa chipinda: thumba logonamo lochindikala, chipewa cha ubweya, botolo la madzi otentha kumapazi. Kutentha ndiko kosagonjetseka. Galimoto yotseka ikaima padzuwa, m'kati mumakwera madigiri pafupifupi 10 m'mphindi 10 zokha, ndipo kutsegula zenera pang'ono sikuthandiza kwenikweni.

Apa ndi pamene matayala amasonyeza ntchito yake. Mpweya umazizira ndi madigiri 6 kapena 7 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, chimene tonse timachidziwa tikayerekeza Nsanje ndi pamwamba pa phiri la Zomba. Choncho anthu awa amasamuka ndi nyengo ngati mbalame. M'miyezi yachisanu ya kumeneko, December kufikira February, amatsikira kuchipululu cha kummwera kwa Arizona, makamaka ku katauni ka Quartzsite, kumene m'mwezi wa January Bob Wells ndi anzake amachititsa msonkhano wa Rubber Tramp Rendezvous wophunzitsana za moyo wa panjira. Dzuwa likayamba kuswa mtengo, pakuti kumeneko m'chilimwe kumapitirira madigiri 40, amakwera kunkhalango za paini zozungulira Flagstaff, mzinda umene uli pa mamita 2,100, kapena kumapiri a Colorado. Komatu izi zimatheka kwa amene ntchito yake siimumanga malo amodzi. Wogwira ntchito m'sitolo mumzinda wotentha amangopirira, masana nkumabisala m'laibulale.

Okonda masamu, nayi gawo lanu: magetsi. Batire loliza injini salikhudza, chifukwa linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa kamphindi, ndipo ukalikama usiku wonse m'mawa galimoto siilira. Pamafunika lachiwiri, la m'nyumba. Mphamvu imayezedwa ndi muyeso wolembedwa Wh, kutanthauza wati imodzi kwa ola limodzi. Tiyerekeze firiji yaing'ono ya mawati 45 imene imalira maola 8 pa tsiku, nthawi yotsalayo ili chete: imeneyo ndi 360 Wh. Kafani ka mawati 5 kwa maola 10 ndi 50. Nyali 20, foni 20, kompyuta ya m'manja 60. Zonse pamodzi 510 Wh pa tsiku. Batire la mtovu lolembedwa 100 Ah pa mavoti 12 limasunga 1,200 Wh, koma ukamalitsitsa kupitirira theka limafa msanga, ndiye kuti zako ndi 600 zokha, za tsiku limodzi. La lithium la muyeso womwewo limasunga 1,280 Wh, limalola kulikama pafupifupi lonse, ndipo kulemera kwake sikufika theka la linzake. Kuipa kwake ndi mtengo, ndiponso kuti limaonongeka ukalitchaja litazizira kufika pansi pa madigiri 0.

Kubwezera mphamvuyo kuli njira ziwiri. Ina ndi alternator ya galimoto, imene imatchaja batire la m'nyumba poyenda kudzera m'kabokosi koletsa kuti mabatire awiriwo asakamane injini ikazima. Ina ndi sola. Sola ya mawati 100 siipereka mawati 100 tsiku lonse ayi. Pa tsiku la dzuwa labwino imasonkhanitsa 300 kapena 400 Wh, zosakwana 510 zija. Pamafunika ya mawati 200, ndipo imeneyo yatsala pang'ono kudzaza denga lonse. Taonaninso chovuta china choseketsa: sola ifuna dzuwa, mwini wake afuna mthunzi. Ena amathetsa mkanganowu ndi sola yopinda ya chingwe chachitali, galimoto pansi pa mtengo, sola poyera. Masamu omwewa amasonyeza chifukwa chake magetsi satenthetsera chipinda: hita ya mawati 1,000 ingamalize batire la lithium lija m'ola limodzi ndi mphindi zochepa. Waya aliyense wochoka ku batire amafuna fyuzi pafupi penipeni ndi batirelo, pakuti waya wokhuzika pa chitsulo amafiira ngati khala, ndipo pamwamba pake pali matabwa ndi matiresi.

Za madzi sindichulutsa. Zigubu ziwiri za malita 20 zimamufikitsa munthu wosamala pafupifupi mlungu, akamatsuka mbale ndi madzi opopera pang'onopang'ono. Chimbudzi ndi ndowa ya chivundikiro yoyalamo thumba la pulasitiki, ndi utuchi wothira pamwamba. Kuthengo, kumene kuli kololedwa, amakumba kadzenje ka masentimita 15 kapena 20, pa mtunda wa mamita 60 kuchokera kumadzi. Kusamba ambiri amasambira ku nyumba zochitira masewera olimbitsa thupi, monga za Planet Fitness, zimene zili m'mizinda yambiri ndipo munthu amalipira pamwezi. Kuchapa amachapira m'masitolo a makina ochapira. Mukaonetsetsa mupeza kuti galimotoyo ndi chipinda chogona ndi nkhokwe chabe. Bafa, pochapira ndi pabalaza zonse ndi zobwereka kwa ena.

Chobwereka chachikulu koposa ndi dothi limene matayala aimapo. Kumadzulo kwa America boma lili ndi malo aakulu osakhalamo anthu. Nthambi ya boma yotchedwa Bureau of Land Management yokha imayang'anira maekala pafupifupi 245 miliyoni, malo oti Malawi yense angalowemo ka 8. M'madera ambiri a malo amenewa munthu angathe kuima ulere masiku 14, kenaka asamukire kutali ndithu. Pafupi ndi Quartzsite pali madera ena amene wolipira chiphaso amaloledwa kukhala kuyambira pa 15 September kufikira pa 15 April. Kuthengo kotero adani ndi mbewa zolowa m'injini kukadya mawaya, ndiponso zimbalangondo kumapiri. Ku Yosemite nkoletsedwa kusiya chakudya m'galimoto usiku, chifukwa zimbalangondo za kumeneko zinaphunzira kuswa mazenera.

Mumzinda nkhani ndi ina. Mizinda yambiri ili ndi malamulo oletsa kugona m'galimoto pamsewu, ndipo mu June 2024 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa mzinda wa Grants Pass ku Oregon, linagamula kuti mizinda ingathe kulanga anthu ogona pamalo a aliyense ngakhale anthuwo alibe kwina kopita. Wogwidwa amalipitsidwa faindi, ndipo faindi zikaunjikana galimoto imakokedwa, katundu yense ali momwemo. Masitolo ena a Walmart amalola munthu kugona usiku umodzi pabwalo lawo la magalimoto, ena salola, ndiye pamafunika kukaonana ndi woyang'anira sitolo. Paja safunsa anadya phula. Mizinda ina inasankha chifundo: ku Santa Barbara ku California, kuyambira 2004, mabwalo ena a matchalitchi ndi a maofesi amatsegulidwa usiku kuti okhala m'magalimoto agonepo mosatekeseka. Kumene kulibe zotere, munthu amaphunzira kukhala ngati kulibe. Amadyera kwina, natsukira mano kwina, nafika pogona mdima utagwa, osatulukanso, osayatsa nyali yoonekera kunja, ndi kuchoka m'bandakucha. Sagona malo amodzi masiku awiri otsatana. Galimoto amaiimika yoloza kotulukira, makiyi pamalo amodzi odziwika, mpando wa dalaivala wopanda kanthu, kuti wina akagogoda pakati pa usiku athe kukwawira kutsogolo ndi kunyamuka osatsegula chitseko.

Boma nalo silidziwa munthu wopanda keyala. Laisensi yoyendetsera, msonkho wa galimoto, inshulansi, banki, zonse zimafunsa kuti mumakhala kuti. Ambiri amalembetsa ku South Dakota, Texas kapena Florida, zigawo zimene sizidula msonkho wawowawo pa malipiro, ndipo kuli makampani olandirira anthu makalata ndi kuwatumizira kumene ali. Bungwe la Escapees, limene Joe ndi Kay Peterson anayambitsa mu 1978, limachita ntchito imeneyi ku Livingston ku Texas. Ndalama amazipeza m'ntchito za nyengo, monga kuyang'anira misasa ya alendo m'nkhalango za boma m'chilimwe, ndi kukolola mbewu ya sugar beet, yopangira shuga, ku North Dakota ndi Minnesota mu October. Ena amagwira ntchito pa intaneti, ena amadalira penshoni yochepa ya ukalamba.

Mwina wina adzati, popeza lendi palibe, ndiye kuti anthu awa akusunga ndalama zambiri. Pang'ono inde, komatu walira mvula walira matope. Petulo ndiye lendi yawo, ndipo chakudya chimakwera mtengo kwa munthu wopanda posungira thumba lathunthu la mpunga. Galimoto yosenza katundu chaka chonse m'misewu ya miyala imafuna oilo, matayala ndi mabuleki kawirikawiri kuposa ya munthu wopita kuofesi. Ndipo tsiku limene giyabokosi yafa, si galimoto yokha imene imalowa m'galaja. Bedi, khitchini ndi zovala zonse zimakwezedwa pamwamba pa jeke, mwini wake nkuima panja ndi kachikwama, kufunafuna chipinda cholipira kwa mlungu wathunthu pamene makaniko akudikira zitsulo. Nchifukwa chake amene akhalitsa panjira, akafunsidwa ndi wachatsopano kuti ayambe kugula firiji kapena sola, amamuuza kuti ayambe wapita ndi galimotoyo kwa makaniko akaiunike yonse, ndi kuika padera ndalama zokwanira kukonzetsa injini pamodzi ndi za malo ogona masiku okonzetsawo.